Anabaputisti: Kuchokera ku Zurich Kufika ku Macha

Gulu la Anabaputisti linayamba pa 21 Januwale 1525 mumzinda wa Zurich ku Switzerland. Usiku umenewo, anthu ochepa amene anali atasemphana maganizo ndi mlaliki Ulrich Zwingli anasonkhana m'nyumba, ndipo Conrad Grebel anabatiza George Blaurock. Onsewo anali atabatizidwa kale ali makanda, koma ankati mwana wa m'manja sangalape kapena kuvomereza Yesu ndi pakamwa pake.

Masiku amenewo mpingo ndi boma zinali chimodzi, moti kukana kubatizitsa mwana kunali kugalukira olamulira. Chikalata cha chikhulupiriro chawo, cholembedwa ku Schleitheim mu 1527, chinakananso kulumbira ndi kugwira lupanga. Chizunzo sichinachedwe. Mwa atsogoleri awo, Felix Manz anamizidwa mumtsinje wa Limmat chaka chomwecho, Michael Sattler n'kuwotchedwa. Ku Münster ena anataya chiphunzitsochi, nalanda mzinda mu 1534, ndipo mapeto ake anali magazi okhaokha. Amene anagwirizanitsa otsalawo panjira yamtendere ndi Menno Simons, yemwe anasiya unsembe mu 1536. Otsatira ake, Amenoni, anatengera dzina lake.

Mtima wa gululi umaonekera bwino pa Dirk Willems. Mu 1569 anathawa m'ndende n'kudutsa pa dziwe louma ndi chisanu. Womuthamangitsa atagweramo, Willems anabwerera n'kumuvuula. Willems anagwidwa pomwepo, kenako anawotchedwa.

Ku Zambia chikhulupirirochi chinabwera ndi mpingo wa Brethren in Christ wochokera ku Pennsylvania. Mu 1906 Hannah Frances Davidson ndi Adda Engle, pamodzi ndi anyamata awiri achindebele, Ndhlalambi Moyo ndi Gomo Sibanda, anachoka ku Matopo ku Zimbabwe n'kukafika ku Macha, dera la Choma, pangolo ya ng'ombe. Amayi awiri kutsegula mishoni okha inali nkhani yosowa nthawi imeneyo, ndipo ntchito yawo njoyenera kukumbukiridwa. Anayamba ndi sukulu. Chipatala cha Macha chinatsegulidwa mu 1957, ndipo lero chimadziwika ndi kafukufuku wa malungo. Atonga a kuderali atasamukira m'matauni, mpingowu unawatsatira mpaka ku Lusaka, kumene anthu amangoutchula kuti BIC. Bungwe lachithandizo la Mennonite Central Committee lilinso ndi ofesi mumzindawu.

Mu 2010 ku Stuttgart, a Lutheran World Federation anapepesa chifukwa cha mbali imene a Lutheran anatengapo pa chizunzo chakale chija. Pano Africa ili ndi Anabaputisti ambiri kuposa Ulaya kapena North America.