Dzino likaleka kuwawa sindiye kuti lapola

Sabata yatha ndinakumana ndi mwana wa mnzanga pa siteji ya minibasi pa Chichiri, tsaya litatupa ngati walumidwa ndi mavu. Nditamufunsa, anati miyezi itatu yapitayo dokotala wa mano anamutsuka muzu wa dzino, n'kuikamo mankhwala, ndipo anamuuza kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri. Iye ataona kuti ululu watha, ulendo unathera pomwepo. "Ndimayesa ndachira, amayi," anatero.

Ana anga, tiyeni timvetsetsane. Mkati mwa dzino muli kamnofu kofewa komwe kali ndi mitsempha. Dzino likabooka mpaka kufika pamenepo, tizilombo timalowa, kamnofu kaja n'kufa. Kenaka tizilomboto timatsika mpaka kunsonga kwa muzu, ndipo fupa lozungulira muzuwo limayamba kutupa ndi kudyeka, nthawi zina n'kuchita mafinya.

Pofuna kupulumutsa dzino lotere m'malo molizula, dokotala amachotsa zofazo, n'kutsuka m'kanjira ka muzu ndi mankhwala a sodium hypochlorite. Ndi omwe aja ali mu Jik, koma chonde musakayesere kunyumba, mudzapsa m'kamwa. Akatero, kawirikawiri amasiyamo mankhwala oyera onga phala otchedwa calcium hydroxide, omwe madokotala a mano anayamba kugwiritsa ntchito ku Germany cha m'ma 1920. Amenewa amapha tizilombo totsala pang'onopang'ono, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ena amaikamo osakaniza ndi steroid kuti kutupa ndi ululu zitsike msanga.

Apa ndi pomwe ambiri timagwa. Mankhwala aja ndi ongoyembekezera, ndipo chomatira chapamwamba n'chosakhalitsa. Mukatafunira chimanga chokazinga chimasweka, malovu n'kulowa, tizilombo n'kuyambiranso. Ntchito imatha dokotala akatseka muzu wonse ndi gutta-percha ndi kumata dzino kolimba. Ngakhale zitatero, fupa limatenga miyezi 6 mpaka chaka, mwinanso kuposerapo, kuti libwerere mwakale, n'chifukwa chake amakuitanani kukajambulidwanso.

Nanga makapisozi a amoxicillin ogula pamsika aja? Pazaka zonse zomwe ndinagwira unamwino ndinaona anthu akuwameza ngati mtedza. Dzino lakufa mulibe magazi oyenda, choncho mankhwala akumwa safika komwe tizilombo tabisala. Kutupa kumangotsika masiku ochepa basi. Aspirin woika pa nkhama naye amangowotcha mnofu. Panado kapena bufeni zimathandiza pa ululu, koma amayi oyembekezera ndi odwala zilonda za m'mimba asamwe bufeni asanafunse kuchipatala.

Makolo, yang'anani m'kamwa mwa ana anu. Dzino lachibwano lomwe limamera mwana ali ndi zaka 6, kuseri kwa mano a ubwana, silidzagweluka kuti limere lina. Ambiri timalisiya libooke poyesa ndi la mkaka.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro awo anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ndiye mukapatsidwa tsiku lobwererako, lisungeni. Koma kutupa kukafika kunsi kwa chibwano kapena kudiso, thupi n'kutentha, kukamwa n'kumakanika kutseguka kapena kumeza kukuvuta, musadikire tsikulo. Thamangirani ku Gulupu ngakhale pakati pa usiku, chifukwa kutupa kotereko kumatha kutseka kholingo.

Mtsikana uja ndinamuperekeza ndekha tsiku lomwelo. Mwamwayi dzino silinang'ambike, ndipo ayambiranso kulitsuka.