Tsiku Limodzi ku Islandbridge ndi pa Chilumba cha Ireland's Eye

Ambiri a ife amene tikukhala kuno ku Dublin timadziwa njira ziwiri zokha: ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. Ana athu akukula osadziwa bwino mbiri ya dziko limene latilandira, ndipo ya kwathu akuimva mwapatalipatali. Koma mumzinda uno muli malo amene kholo lingathe kuphunzitsirapo mwana mbiri ziwirizi tsiku limodzi.

Yambani m'mawa ku Islandbridge, m'mphepete mwa mtsinje wa Liffey, tsidya lina la Phoenix Park. Kumeneko kuli munda wa chikumbutso wotchedwa Irish National War Memorial Gardens, umene anaukonza pokumbukira asilikali a ku Ireland okwana 49,400 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918. Mapulani ake anajambula ndi Edwin Lutyens, ndipo ntchito yomanga inachitika m'zaka za m'ma 1930. Pali maluwa, akasupe a madzi, mtanda waukulu wa mwala ndi tinyumba tinayi ta miyala. Maina a omwalirawo analembedwa m'mabuku asanu ndi atatu amene anawakongoletsa ndi zojambula za Harry Clarke. Polowa salipiritsa.

Chodabwitsa n'chakuti munda wokongolawu unakhala zaka zambiri uli wosasamalidwa. Anyamata aja anafa atavala yunifomu ya Britain, dziko limene Ireland inalimbana nalo kuti ipeze ufulu mu 1922, kotero anthu ambiri sanafune kuwatchula. Anaukonzanso m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu May 2011 Mfumukazi Elizabeth II inadzaikapo nkhata ya maluwa. Pa ulendo womwewo inaikanso nkhata ku Garden of Remembrance, pa Parnell Square, kumene amakumbukira amene anafera ufulu wa Ireland, kuphatikizapo amene anaukira boma la Britain pa Pasaka wa 1916.

Kwa Mmalawi nkhani imeneyi si yachilendo. Nkhondo yomweyo agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Inafika ku Karonga mu September 1914, ndipo amuna zikwizikwi a ku Nyasaland analowa usilikali wa King's African Rifles. Ochuluka kuposa pamenepo anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a KAR, koma maina a amtengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Mbusa John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo pa 23 January 1915 anthu ake anaukira atsamunda. Patangopita chaka ndi miyezi itatu, a ku Dublin nawonso anaukira ufumu womwewo. Mwana akaima pa Islandbridge n'kumva zimenezi, amazindikira kuti makolo ake ndi makolo a anzake a m'kalasi anasenza goli limodzi.

Masana kwerani sitima ya DART kupita ku Howth, doko la asodzi kumpoto chakum'mawa kwa mzinda. Kuchokera padokopo, m'miyezi yotentha, maboti ang'onoang'ono amawolotsa anthu kupita pa chilumba cha Ireland's Eye, ulendo wa mphindi pafupifupi 15. Dzinali lisakusokonezeni: mawu akuti "Eye" apa satanthauza diso, koma anachokera m'chinenero cha ma Viking, ndipo amatanthauza chilumba.

Pachilumbapa sipakhala anthu. Chimene chimayamba kuoneka ndi nsanja yobulungira ya Martello, imodzi mwa zimene zinamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 poopa kuti asilikali a Napoleon angabwere panyanja. Sanabwere, ndipo nsanjayo yangotsala ngati mboni ya mantha a nthawi imeneyo. Chapakati pali bwinja la katchalitchi kakale ka St Nessan. Kanjira kokwera pamwamba n'kakafupi. Amene anakwerapo phiri la Zomba kapena la Mulanje angaseke kumva kuti kumeneku n'kukwera phiri. Komabe udzu ndi wautali, miyala imaterera, ndipo mphepo ya panyanja siyang'ana nkhope. Pamwamba mumaona Howth yense ndi chilumba cha Lambay chakumpoto. M'matanthwe mumaswana mbalame za m'nyanja monga gannet ndi puffin, choncho ana muziwagwira dzanja kuti asaponde mazira kapena kuyandikira kuphompho.

Pachilumbapa palibe sitolo kapena chimbudzi. Tengani madzi, kamba, majekete ndi nsapato zolimba, ndipo mufunse woyendetsa boti nthawi imene boti lomaliza libwerere. Nyanja ikakwiya maboti sayenda.

Abale ndi alongo, musananyamuke ulendowu imbani foni kumudzi, mufunse akuluakulu amene atsala ngati pabanja panu panali wina amene anapita ku Chiwaya kapena ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Mukalipeza dzina lakelo, mulilembe, ndipo mukalitchule pamaso pa ana anu mutaima pa Islandbridge.