GPU yophatikizidwa ndi GPU yapayokha pochotsa noise pa zithunzi za RAW

GPU ndi kachipangizo ka mu kompyuta komwe kamagwira ntchito zokhudza zithunzi ndi makanema. Ma laputopu amakhala ndi mitundu iwiri ya GPU. Woyamba ndi GPU yophatikizidwa mu CPU, yomwe pa Chingerezi imatchedwa integrated graphics. Wachiwiri ndi GPU yoima payokha, yomwe imatchedwa dedicated graphics kapena discrete graphics. Kwa zaka zambiri kusiyana kwa mitundu iwiriyi kunkakhudza makamaka osewera magemu ndi okonza makanema. Kuyambira cha mu 2020 nkhaniyi inafikanso kwa ojambula zithunzi, chifukwa mapulogalamu atsopano oyeretsera zithunzi za RAW amadalira kwambiri GPU. Pa ntchitoyi mitundu yonse iwiri imatulutsa chithunzi chooneka mofanana. Kusiyana kwake kuli pa nthawi imene ntchito imatenga, kutentha kwa makina, kutha kwa batire ndi mtengo wa laputopu.

Noise ndi mafayilo a RAW

Chithunzi chojambulidwa pamalo amdima, monga mu holo ya ukwati usiku kapena m'tchalitchi chopanda magetsi okwanira, chimakhala ndi timadontho tokhala ngati mchenga, tina tofiirira tina tobiriwira. Ojambula amatitcha timadontho timeneti noise. Noise imabwera pa zifukwa ziwiri zazikulu. Kuwala kukachepa, sikugwa mofanana pa sensa ya kamera, kotero ma pixel oyandikana amalandira milingo yosiyana. Komanso zipangizo zamagetsi za mu kamera zimawonjezera zolakwika zake powerenga sensayo. Wojambula akakweza ISO kuti chithunzi chiwale, zolakwikazo zimaonekera kwambiri.

Fayilo ya RAW imasunga zomwe sensa yawerenga kamera isanazikonze. Canon imagwiritsa ntchito mtundu wa CR3, Nikon NEF, Sony ARW, ndipo Fujifilm RAF. Adobe inatulutsa mtundu wa DNG mu 2004. Fayilo ya JPEG imasunga ma bit 8 pa mtundu uliwonse, kutanthauza milingo 256 ya kuwala, pamene RAW ya ma bit 14 imasunga milingo 16,384. Makamera ambiri ali ndi sefa yomwe Bryce Bayer wa kampani ya Kodak anapanga m'zaka za m'ma 1970. Pa sefayi theka la ma pixel limaona mtundu wobiriwira, ndipo theka linalo limagawidwa pakati pa wofiira ndi wabuluu. Choncho pulogalamu imayenera kuwerengera mitundu iwiri yosowa pa pixel iliyonse, ntchito yomwe imatchedwa demosaicing. Noise imachoka bwino ikachotsedwa pa nthawi imeneyi, chithunzi chisanasanduke JPEG.

Mapulogalamu ochotsa noise

Mapulogalamu akale ankachotsa noise posalaza ma pixel oyandikana. Njirayi inkafafanizanso tsitsi, ulusi wa nsalu ndi zilembo zing'onozing'ono. Mapulogalamu atsopano amagwiritsa ntchito AI yomwe inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri, zina zokhala ndi noise zina zoyera, mpaka kutha kusiyanitsa timadontho ndi zinthu zenizeni za pa chithunzi.

Kampani ya ku France ya DxO inatulutsa njira ya PRIME mu 2013, yomwe imayendera CPU. Mu 2020 inabweretsa DeepPRIME mu pulogalamu ya PhotoLab 4, ndipo mu 2021 inatulutsa PureRAW. DeepPRIME imachita demosaicing ndi kuchotsa noise nthawi imodzi. Kampani ya Topaz Labs ya ku Dallas, m'dziko la United States, inatulutsa DeNoise AI mu 2019 ndi Photo AI mu 2022. Adobe inaika chida cha Denoise mu Lightroom ndi Camera Raw mu Epulo 2023. Potulutsa chidachi, Adobe inalangiza kuti chimayenda bwino pa GPU yokhala ndi memori ya 8 GB kapena kuposerapo.

Chifukwa chake ntchitoyi imafuna GPU

CPU ili ndi ma core ochepa koma amphamvu, oyenera ntchito zosiyanasiyana zotsatana. GPU ili ndi tizigawo mazana kapena masauzande tomwe timachita masamu ofanana nthawi imodzi. Chithunzi cha kamera ya ma megapixel 24 chimakhala ndi ma pixel 6,000 m'litali ndi 4,000 m'lifupi, ndipo AI imachulukitsa ndi kuphatikiza manambala kambirimbiri pa kachigawo kalikonse ka chithunzicho. Masamu otere amagawika mosavuta pakati pa tizigawo ta GPU.

Zinthu zitatu ndi zomwe zimalamula liwiro la ntchitoyi: kuchuluka kwa tizigawo towerengera, kukula kwa memori yomwe GPU ingagwiritse ntchito, ndi liwiro limene manambala amayendera pakati pa memoriyo ndi GPU. Chimodzi mwa zitatuzi chikachepa, zinazo zimangodikira.

GPU yophatikizidwa

GPU yophatikizidwa imakhala m'kachipangizo kamodzi ndi CPU. Zitsanzo zake ndi Intel UHD Graphics, Intel Iris Xe yomwe inatuluka mu 2020, Intel Arc ya mu ma CPU a Core Ultra, komanso AMD Radeon 680M ndi 780M. Ilibe memori yakeyake. Imabwereka gawo la RAM ya kompyuta, ndipo imagawana ndi CPU njira yopitira ku RAM, magetsi ndi fani yoziziritsira.

Kugawanaku ndi komwe kumaichedwetsa. RAM ya DDR4-3200 yoikidwa m'mipata iwiri imatumiza pafupifupi 51 GB pa sekondi, koma ikakhala m'mpata umodzi imatumiza theka lake. RAM ya DDR5-5600 m'mipata iwiri imafika pafupifupi 90 GB pa sekondi. Laputopu ya RAM ya 8 GB imavutikanso kwambiri, chifukwa Windows, pulogalamu yokonzera zithunzi ndi GPU zonse zimalimbirana memori yomweyo. Ubwino wa GPU yophatikizidwa ndi woti imadya magetsi ochepa, sitentha kwambiri, ndipo laputopu yake imakhala yopepuka ndi yotsika mtengo. Ma laputopu ambiri a mu ofesi, kuphatikizapo omwe amagulitsidwa atagwirapo kale ntchito, amakhala ndi mtundu umenewu.

GPU yapayokha

GPU yapayokha ndi kachipangizo kena kosiyana ndi CPU, ndipo ili ndi memori yakeyake yotchedwa VRAM. Pa ma laputopu, NVIDIA GeForce RTX 4050 ili ndi VRAM ya 6 GB, ndipo RTX 4060 ili ndi 8 GB. VRAM ya RTX 4060 imatumiza pafupifupi 256 GB pa sekondi, liwiro loposa kasanu la DDR4-3200 ya m'mipata iwiri, ndipo CPU siigwiritsa nawo ntchito. Kuyambira mu 2018, ma GPU a GeForce RTX amakhalanso ndi tizigawo totchedwa Tensor Cores tomwe tinapangidwira masamu a AI.

Dzina loti dedicated palokha silitsimikizira mphamvu. Ma GPU monga GeForce MX250 ndi MX350 ndi apayokha, koma ambiri ali ndi VRAM ya 2 GB yokha ndipo alibe Tensor Cores. Pa ntchito yochotsa noise akhoza kupitiriridwa ndi GPU yophatikizidwa ya masiku ano monga Radeon 780M. Ngakhale GPU za dzina limodzi zimasiyana. RTX 4060 ya laputopu imatha kuikidwa kuti izigwiritsa ntchito mawati 35 mpaka 115 malinga ndi wopanga laputopu, choncho ya mu laputopu yopyapyala imachedwa kuposa ya mu laputopu yaikulu yokhala ndi mafani amphamvu.

Ma laputopu a Apple

Makompyuta a Apple sagwera bwinobwino m'magulu awiriwa. Kuyambira pa M1, yomwe inatuluka mu Novembala 2020, GPU ya MacBook ndi yophatikizidwa, koma memori yake inaikidwa pafupi kwambiri ndi CPU ndipo imathamanga. M1 imafika pafupifupi 68 GB pa sekondi, M1 Pro 200 GB, ndipo M1 Max 400 GB. Mulinso kachigawo ka AI kotchedwa Neural Engine, komwe DeepPRIME imatha kugwiritsa ntchito. Pa chifukwachi, ma MacBook a Pro ndi Max amapikisana ndi ma laputopu a GPU yapayokha pa ntchitoyi. Memori ya makinawa siwonjezereka akagulidwa.

Kusiyana kwa nthawi

Pa GPU yapayokha ya masiku ano, chithunzi chimodzi chimayeretsedwa m'masekondi. Pa GPU yophatikizidwa yakale chimatha kutenga mphindi zingapo, ndipo ngati GPU siikwanitsa zomwe pulogalamu ikufuna, ntchito imabwerera ku CPU kapena imalephereka. Nthawi yeniyeni imadalira kukula kwa fayilo, pulogalamu ndi ma driver.

Kulemera kwa kusiyanaku kumaoneka zithunzi zikachuluka. Mwachitsanzo, ngati laputopu ina imatenga mphindi 5 pa chithunzi ndipo ina masekondi 15, munthu wa zithunzi 6 adzadikira theka la ola pa laputopu yochedwayo, zomwe ndi zopiririka. Wojambula ukwati yemwe wabwera ndi zithunzi 300 za usiku adzadikira maola 25 pa laputopu yochedwa, pamene yothamangayo idzamaliza mu ola limodzi ndi mphindi 15. Kwa munthu amene walonjeza eni ukwati kuti alandira zithunzi pakutha pa sabata, maola amenewa ndi gawo la ndalama zake.

Batire ndi kutentha

GPU yapayokha imafika pa liwiro lake lonse laputopu ikakhala pa chaja. Ma laputopu ambiri a Windows amaichepetsa mphamvu akakhala pa batire, ndipo batireyo imatha msanga. M'madera amene magetsi amazimazima, liwiro lomwe munthu analipira limapezeka pokhapokha magetsi alipo, ngakhale kuti GPU yothamanga imathandiza kumaliza ntchito m'maola ochepa omwe magetsiwo ayaka. Kutentha nako kumachedwetsa. Fumbi likatseka mafani kapena laputopu ikaikidwa pa bulangete, makina amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse.

Laputopu yokhala ndi GPU yapayokha nthawi zambiri imakhalanso ndi yophatikizidwa, ndipo imasinthasintha pakati pa ziwirizi pofuna kusunga batire. NVIDIA inayambitsa njira ya Optimus yochitira zimenezi mu 2010. Nthawi zina pulogalamu imagwiritsa ntchito GPU yofookayo mwini wake osadziwa. Izi zimakonzedwa posankha GPU yoyenera mu zoikamo za Windows kapena za pulogalamuyo.

Zoyenera kuganizira posankha

GPU ya laputopu imawotchereredwa pa bolodi ya makina, choncho pafupifupi ma laputopu onse salola kuisintha. Chisankho cha tsiku logula chimakhalapo mpaka laputopuyo itatha. Wophunzira kapena munthu wojambula mwa apo ndi apo akhoza kukhutira ndi GPU yophatikizidwa ya masiku ano, bola RAM ikhale 16 GB kapena kuposerapo ndipo ikhale m'mipata iwiri. Wojambula maukwati, zinkhoswe, masewera kapena nyama zakutchire, yemwe amakweza ISO pafupipafupi, amapindula ndi GPU yapayokha ya VRAM ya 6 GB mpaka 8 GB, kapena MacBook ya memori yambiri.

Amene ali kale ndi laputopu yofooka akhoza kuchepetsa vutoli posankha kaye zithunzi zabwino n'kuyeretsa zokhazo, kapena kuika zithunzi pa mzere kuti ziyeretsedwe usiku. Palinso mapulogalamu aulere monga RawTherapee, yomwe imagwiritsa ntchito CPU, ndi darktable, yomwe imatha kuyendera CPU kapena GPU kudzera mu OpenCL. Mapulogalamu a DxO ndi Adobe amalola munthu kuwayesa kwaulere kwa masiku angapo, choncho wogula angathe kutenga fayilo yake ya RAW, kuiyeretsa pa laputopu yomwe akufuna ndi kuwerenga masekondi asanapereke ndalama.