Mabuku a "motivation" adzaza m'mafoni: ndi ati angatithandize ife a pachilumba?

Mukatsegula WhatsApp m'mawa, theka la masitetasi a achinyamata a kuno ku Chipyela ndi mawu olimbikitsa. Wina wakopera a Kiyosaki, wina a Napoleon Hill, wina wayika chithunzi cha mkango pamwamba pa chiganizo chachingerezi. M'magulu mwathu ma PDF amangozungulira, ndipo pali anzathu ena amene foni zawo zili ndi mabuku makumi asanu koma sanamalizeko ngakhale limodzi. Sindikunyoza, aise. Funso limene ndikufuna tiunike ndi lakuti: mwa mabuku onsewa, ndi ati amene angagwire ntchito kwa munthu wokhala pa chilumba chamiyala, pomwe ufa, sopo ndi simenti zimadikira sitima, ndipo ndalama yambiri imachokera mu usipa ndi utaka?

Ine ndinasiyira yunivesite panjira fizi itavuta. Chibwerereni kuno, mabuku oterewa ndawawerenga ambiri ndithu, ena kawiri, moti ndili ndi maganizo anga pa lililonse.

Tiyambe ndi lotchuka kuposa onse, Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki, lomwe linatuluka mu 1997. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi basi, ndipo ndi yabwino: siyanitsa chinthu chimene chimakubweretsera ndalama ndi chinthu chimene chimakudyera ndalama. Tikayibweretsa kuno imamveka msanga. Ukonde wa chilimila umalowetsa. Injini ya boti imalowetsa, bola ngati ikupita panyanja. Firiji yogulitsira zoziziritsa kukhosi ku Mbamba imalowetsa. Koma foni yodula yongojambulira zithunzi pa mchenga imadya bandulo tsiku lililonse osabweza kanthu, pokhapokha ngati ndi imene ukupezera makasitomala a nsomba ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu. Ndaona anyamata akugawana ndalama za usipa m'nyengo yabwino, sabata isanathe zonse zapita ku sipika yaikulu ndi nsapato. Mwera ukabwera, maboti ali pamtunda, ndi omwewo akubwereka ya ndiwo.

Pamene bukuli limatisocheretsa ndi pa nkhani ya ngongole. Kiyosaki amalemba ali ku America, komwe munthu amabwereka ku banki pa chiwongoladzanja chochepa n'kugula nyumba zochititsa lendi. Kuno mu 2024 Reserve Bank of Malawi inayika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera chawo pamwamba pake. Nanga mnyamata wa ku Chipyela wopanda chikole angalowe m'banki n'kutuluka ndi ngongole? Amathera kwa akatapila, ndipo geni yoyambira pa katapila nthawi zambiri umagwirira mwini ndalamayo. Dziwaninso kuti imodzi mwa kampani za Kiyosaki yemweyo, Rich Global, inalengeza kuti yagwa mu 2012. Ndiye muwerenge, tengani mfundo ija yosiyanitsa zolowetsa ndi zodya, zinazo muzisiye pomwepo.

Think and Grow Rich la Napoleon Hill, la mu 1937, sinditaya nalo nthawi yambiri. Hill ankati nzeru zake anazitenga kwa mpondamatiki Andrew Carnegie, koma anthu ofufuza mbiri sanapeze umboni woti awiriwa anakumanapo. Ndipo chiphunzitso choti ukangoganizira chuma mwamphamvu chimabwera n'choopsa kwa munthu wosauka, chifukwa zikakanika amadziimba mlandu yekha kuti sanakhulupirire mokwanira, pomwe vuto linali mtengo wa petulo wa injini. Amene amabwera ndi tizibizinesi toti "lowetsa ndalama, ubweretse anzako atatu" amakonda kwambiri kugwiritsa ntchito mawu a m'buku limeneli. Mukawamva, gwirani thumba.

Limene ndimalikonda pa nkhani ya ndalama ndi laling'ono, The Richest Man in Babylon la George Clason, la mu 1926. Lalembedwa ngati nthano, ndipo Chingerezi chake n'chachikale pang'ono, koma mfundo yake ngakhale agogo angayivomereze: pa ndalama iliyonse imene wapeza, gawo limodzi mwa magawo khumi usalikhudze. Ukapeza K20,000, K2,000 si yako yodya. Kwa ife amene ndalama imabwera mwa nyengo, mwezi ukakhala wamdima usipa n'kugwidwa, mwezi ukawala n'kuchepa, lamulo limeneli ndi lofunika kuposa kwa munthu wa pamwezi. Wapamwezi amadziwa kuti pa 27 kulowa kanthu. Msodzi sadziwa kuti mwera utha liti.

Koma apanso pafunika kuikapo mutu. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika cha m'ma K1,700. Amene anasunga ndalama m'chitini anadzuka ali ndi mapepala omwewo, koma ogula zochepa. Clason yemweyo amanena kuti ndalama yosungidwa izigwira ntchito, ndipo kwathu kuno tanthauzo lake n'loti gawo lakhumi lija lisagone nthawi yaitali. Lilowe ku banki m'khonde komwe limabereka, kapena lisanduke chinthu: ukonde, nyale za usodzi, mbuzi, malata. Amayi athu a banki m'khonde akuchita kale zimene bukuli limaphunzitsa, ndipo ambiri sanalionepo n'chikuto chomwe.

Atomic Habits la James Clear, la mu 2018, ndilo lili m'fasho pano. Masamu ake aja oti ukamawonjezera 1 peresenti tsiku lililonse, pakutha pa chaka umakhala utachulukitsa ka 37, ndi oona papepala pokha. Moyo suyenda ngati chiwongoladzanja. Chimene chili chothandiza ndi njira zake zazing'ono. Akuti chizolowezi chatsopano uchiyambe chochepa kwambiri, choti n'kuchichita m'mphindi ziwiri, ndipo uchimangirire ku chinthu chimene umachita kale tsiku lililonse. Ine ndinamangirira kuwerenga ku nthawi yotchaja foni. Foni ikakhala pa moto sindiyigwira, ndimagwira buku. Masamba asanu, khumi, nthawi zina awiri okha. Kwa amene mukubwereza MSCE, njira imeneyi ikhoza kukupindulirani kuposa taimutebo yaikulu yomata pakhoma imene imafa Lachitatu.

Tsopano ndifike pa mabuku awiri amene, kwa ine, amaposa onsewa, ngakhale m'mashopu sawaika pa shelefu ya "motivation". Onse ndi a Amalawi.

Loyamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba, lomwe analemba ndi Bryan Mealer n'kutuluka mu 2009. Ambiri munaonera filimu yake ya mu 2019, ya Chiwetel Ejiofor, koma bukuli lili ndi zambiri zimene filimu inadumpha. Kamkwamba ndi wa ku Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, makolo ake analephera fizi ya sekondale ndipo anasiya sukulu. M'malo mokhala pa sitolo tsiku lonse, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale. Kumeneko anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chake chinali chochepa, ndiye ankadalira zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake ndi zitsulo zotola, mbali za njinga ndi mitengo ya bulugama, n'kuyatsa babu kunyumba kwawo. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Taonani bwino apa. Buku limene linasintha moyo wa Kamkwamba silinali lomuuza kuti ndi mkango kapena chiwombankhanga. Linali lofotokoza mmene chinthu chimagwirira ntchito. Ichi ndicho ndimafuna anzanga a ma PDF amvetse: buku lokulimbikitsa limakupatsa moto wa tsiku limodzi, koma buku la luso limakusiyira chinthu m'manja. Kuno injini za maboti zimafa pafupipafupi, ma sola ali pa madenga ambiri ndipo mabatire ake amatha msanga chifukwa cholumikiza molakwika, mafoni amagwera m'madzi. Mnyamata kapena mtsikana amene angawerenge kabuku ka kakonzedwe ka injini ya Yamaha mpaka kukamvetsa, kapena ka mawaya a sola, sadzasowa ya sopo pachilumba pano. Pa mabuku makumi asanu aja a m'foni, ndi angati a mtundu umenewu?

Lachiwiri ndi I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965. Ili achinyamata ambiri salidziwa, ndipo zimandiwawa. Kayira anali wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, anaphunzira ku Livingstonia, ndipo dzina la bukuli analitenga ku mawu a chilimbikitso a sukulu yakeyo. Mu 1958 ananyamuka wapansi, cholinga chake chili choti akaphunzire ku America. Mwa zochepa zimene ananyamula munali mabuku awiri: Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Anadutsa Tanganyika n'kufika ku Uganda, akugwira maganyu m'njira kuti adye. Ku Kampala analowa m'laibulale n'kupeza buku la mndandanda wa makoleji a ku America, ndipo analembera kalata Skagit Valley College ya ku Washington. Anamuyankha kuti abwere. Anapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum, komwe anapeza chitupa, ndipo anthu a ku Skagit anasonkha ndalama ya ndege. Pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge n'kukhala mlembi wa mabuku a nthano.

Sindikunena kuti mawa munyamuke wapansi, dziko la lero lili ndi malire ndi mapepala ake. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti pa ulendo wonsewo, chimene chinatsegula khomo ndi kalata imodzi yolembedwa bwino, yochokera pa adiresi imene anaipeza m'buku. Lero mndandanda ngati umenewo uli m'foni mwanu. Bandulo yomwe timathera pa TikTok ndi yomweyo ingatsegule fomu ya sikolashipu.

Pali amene amati kuwerenga si chikhalidwe chathu. Wonena zimenezi pa Chipyela ayambe wakweza maso. Tchalitchi cha St Peter's, chimene ntchito yake inayamba mu 1903, chili pa malo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo dzina loti Chipyela linachokera pamenepo. Amishoni a UMCA atakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, anatsegula sukulu ndi kuyika makina osindikizira mabuku pachilumba pompano. William Percival Johnson, yemwe maso ake anawonongeka kwambiri ndi matenda, anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kuno kunyanja ndipo anasonkhanitsanso miyambi yathu. Sitima ya Chauncy Maples inkazungulira nyanjayi ndi aphunzitsi ndi mabuku. N'chifukwa chake Likoma inatchuka ngati malo a anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ana a pano anakagwira ntchito za uphunzitsi, ukalaliki ndi unsembe m'madera akutali. Agogo athu ankawerenga ndi koloboyi. Ife tili ndi tochi ya foni.

Ndipo mabuku ophunzitsa munthu kukhala bwino sanayambe ndi Achimereka. Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe ndi Nthondo la Samuel Nthara, la mu 1933, ndi mabuku a m'chinenero chathu okamba za khalidwe, ulemu ndi zotsatira za njira imene munthu wasankha. Zina mwa zimene Gwengwe amalangiza ndi za nthawi yake, makamaka pa za malo a mkazi, ndipo mtsikana wa lero ali ndi ufulu wotsutsana nazo. Komabe zimene Dale Carnegie analemba mu 1936 mu How to Win Friends and Influence People, zoti uzimvetsera mnzako, uzikumbukira dzina lake, usamuchititse manyazi pagulu, munthu woleredwa bwino kuno anazimva kale kwa azakhali ake, mwaulere.

Vuto lenileni ndi kapezedwe ka mabuku a pepala. Kuwerengera pafoni kumatopetsa maso, ndipo uthenga ukangolowa buku laiwalika. Njira imene ikutithandiza ine ndi anzanga anayi ndi yosavuta. Wina akamakwera Ilala kapena boti kupita ku Nkhata Bay n'kukafika ku Mzuzu, timasonkha, iye n'kukasaka buku limodzi kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Likafika, aliyense amakhala nalo masabata awiri, ndipo pobweza ayenera kunena chinthu chimodzi chimene wayesa kuchita, osati chimene chamusangalatsa. Wolinyowetsa amagula lina. Pakadali pano tili ndi mabuku asanu ndi awiri, ndipo la Clason lathothoka kale chikuto, talimata ndi selotepi. La Kayira takhala tikulisaka miyezi itatu, la pepala silikupezeka. Ngati alipo amene ali nalo m'sutikesi ya agogo, kaya kuno, ku Mbamba kapena ku Chizumulu, tibwerekeni. Tidzalikutira ndi pulasitiki.