Zoyenera kuchita hatchi ikamakana pophunzitsidwa

Hatchi isanayambe kukweredwa kapena kukoka ngolo, imayenera kuphunzitsidwa mlimi ali pansi. Imaphunzira kuyenda ndi chingwe, kuima, kubwerera m'mbuyo ndi kunyamula phazi. Pa nthawi imeneyi hatchi zambiri zimakana, ndipo alimi ena amathamangira chikwapu poganiza kuti ndi mwano. Kumenya kumangowonjezera mantha, ndipo hatchi yamantha imaponda ndi kuluma. Yambani mwafufuza chifukwa chake.

Zifukwa zimene hatchi imakanira

1. Ululu. Onani ngati ili ndi zilonda pomwe pamadutsa zingwe, ngati ikutsimphina kapena ikuvutika kutafuna. Mano a hatchi amatha kukhala akuthwa m'mbali n'kumacheka tsaya. Ziboda zimafunika kudulidwa pakatha masabata 6 mpaka 8. Mukaona vuto, siyani kaye maphunziro ndipo itanani mlangizi wa ziweto.

2. Mantha. Kuthengo hatchi imasakidwa ndi zilombo, choncho ikadzidzimuka imathawa. Maso ake ali m'mbali mwa mutu ndipo siiona chinthu chimene chili kumbuyo kwake kwenikweni. Iyandikireni chakuphewa mukuilankhula.

3. Kusamvetsa. Lero mukanena mawu ena, mawa ena, hatchi imasokonezeka. Onse oigwira agwiritse ntchito mawu ndi zizindikiro zofanana.

Hatchi imachenjeza isanakane. Imagoneka makutu kumbuyo, imakupiza mchira mwamphamvu kapena kukweza mutu. Bulu, amene alimi ena kuno amakoketsa ngolo, akachita mantha nthawi zambiri amangoima njii, komanso amabisa ululu. Malangizowa amagwiranso ntchito pa iye.

Kaphunzitsidwe kake

Hatchi ikakokedwa mwamphamvu, nayonso imakokera kwake, ndipo munthu sangaigonjetse pa mphamvu. Chimene chimaiphunzitsa ndi kumasuka kwa chingwe.

1. Imani pafupi ndi phewa lake ndipo kokani chingwe pang'ono.
2. Ikakana, gwiranibe chimodzimodzi mosagwedeza. Ikaumirira, ikokereni chakumbali kuti isunthe phazi.
3. Ikangosuntha phazi limodzi, masulani chingwe nthawi yomweyo. Mukachedwa, siidziwa chimene yachita bwino.
4. Musamasule pamene ikukokera kumbuyo, chifukwa idzaphunzira kuti kukana ndiko kumaipumulitsa. Koma ikachita mantha kwambiri, yendani nayo mpaka itadekha.
5. Chinthu chachilendo monga ngolo kapena thumba, chionetseni chili patali. Chisendezeni pafupi pokhapokha hatchi ikadekha.

Phunzitsani kwa mphindi 10 mpaka 15, m'mawa kapena madzulo kukazizira, ndipo malizani ndi chinthu chimene hatchi ikuchidziwa kale.

Chenjezo: musazengereze chingwe pa dzanja chifukwa hatchi ikadzidzimuka ingakuduleni zala. Ana asaime kumbuyo kwake. Alimi otsogolera aonetse anzawo njirayi pa chiweto chofatsa asanaiyese pa chovuta.