Ulendo wa pangalawa ya matanga unandifikitsa pamanda a makanda

Amayi anzanga, ngati munakwerapo Ilala nthawi ya mwera, mukudziwa mmene m'mimba mumachitira nyanja ikakalipa. Ndiye muwonjezerepo kuzizira kolowa m'mafupa, madzi amchere, ndi ngalawa yodalira mphepo. Umu ndi mmene unalili ulendo umene mwana wanga, yemwe ndi namwino ku Scotland, anandikonzera nditapita kukamuona. Akuti linali tchuthi. Ine ndinkayesa kuti patchuthi munthu amapuma.

Tinanyamukira padoko la Oban, kumadzulo kwa dzikolo. Ngalawa zimenezi n'zachikale, za milongoti italiitali ndi matanga ambiri. Injini ilipo, koma mphepo ikakhala bwino amaizimitsa. Wokwera sakhala ngati katundu ayi: mumakoka nawo zingwe pokweza matanga, mumagwira nawo chiwongolero, mumatsuka mbale, ndipo usiku mumalondera mosinthana. Kuchezera usiku ife anamwino tinazolowera. Chimene chinandigonjetsa ndi nseru. Ine amene ndimauza amayi apakati kuti azidya pang'onopang'ono ndi kumwa madzi pafupipafupi, ndinakhala tsiku lathunthu ndikutsatira malangizo anga omwe, nditakumbatira ndowa.

Tinaima ku Iona, kachilumba kamene Columba Woyera anafikako kuchokera ku Ireland m'chaka cha 563 n'kuyambitsa nyumba ya amonke. Ndinapemphera kolona kumeneko. Koma zimene ndikufuna kukuuzani ndinaziona patsogolo, ku St Kilda.

St Kilda ndi tizilumba totalikirana ndi zilumba zina zonse za Scotland, makilomita opitirira 60 kumadzulo kwa Outer Hebrides. Palibe amene amakulonjezani kuti mukafika. Woyendetsa ngalawa amayamba waona nyengo. Poyandikira mumaona miyala itaima njo m'nyanja, itayera ndi mbalame zikwizikwi. Pachilumba chachikulu, chotchedwa Hirta, pali mzere wa nyumba zamiyala, tchalitchi, chipinda cha sukulu, ndi tinkhokwe tamiyala toposa 1,000 m'mapiri. Anthu a kumeneko ankakhalira mbalame za kunyanja. Amuna ankatsika m'maphompho ndi zingwe kukagwira mbalamezo, ndipo nyama, mazira, nthenga ndi mafuta ake ndiye chinali chuma chawo. Pa 29 Ogasiti 1930 anthu 36 amene anatsala anasamutsidwa atapempha okha boma. Namwino wa pachilumbapo, Williamina Barclay, ndi mmodzi mwa amene anawathandiza pa pempholo.

Kuseri kwa nyumbazo kuli manda ozunguliridwa ndi mpanda wamiyala. Manda ambiri ali ndi kamwala chabe, kopanda dzina. Anzanga a paulendo ankajambula zithunzi. Ine miyendo inalemera, chifukwa ndinali nditamva kale za ana ambiri amene anagona mmenemo.

M'zaka za m'ma 1800, panali nthawi imene makanda oposa theka obadwa pachilumbapo ankamwalira asanathe milungu iwiri. Eni ake ankati ndi matenda a masiku 8. Mwana ankabadwa bwinobwino, n'kuyamwa bwino masiku oyamba. Kenako ankasiya kuyamwa, nsagwada n'kuuma, thupi n'kumakokeka, mpaka kupuma kutha. Zimanenedwa kuti amayi sankavutika kusoka zovala za mwana mpaka masiku amenewo atadutsa. Tangoganizani kuyenda ndi pakati miyezi 9 osayerekeza kukonza ngakhale kachipewa.

Mzamba aliyense akamva zizindikirozi amadziwa kuti ndi kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo kwa khanda timalowera pamchombo: pa chodulira chosaphika, pa ulusi wakuda, kapena pa zimene apakapo. Ofufuza ambiri amaloza mmene mchombo unkasamalidwira, makamaka mafuta a mbalame amene akuti ankapakapo. Azamba a pachilumbapo sanali anthu oipa. Ankachita zimene anaphunzira kwa amayi awo, ndipo anthu ambiri ankangoti n'chifuniro cha Mulungu. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, pamene m'busa wawo, Angus Fiddes, anakafuna nzeru za uzamba ku Glasgow n'kulimbikira kuti mchombo uzisamalidwa mwaukhondo. Imfa zija zinatha. Chonditsitsa mtima n'chakuti munthu wa tchalitchi ndi amene anakana kuti Mulungu azinamiziridwa.

Nditaima pamandapo ndinakumbukira makanda amene ndinawaonapo ndili namwino wamng'ono, atawafunditsa m'chipinda chamdima kuti kuwala ndi phokoso zisawadzidzimutse. Masiku ano kafumbata wa makanda anachepa kwambiri kwathu kuno chifukwa cha katemera ndi kuchirira kuchipatala. Koma tizilombo tija m'dothi tikadalimo. Ndipo mayi akatuluka kuchipatala n'kulowa m'chikuta, amene amalamula si ife ayi. Ndi inu, agogo ake a mwana, apongozi, azakhali. Ndinu amene mumamva wina akunong'ona kuti pakani phulusa, mwaye, ndowe kapena madzi a duwa la dzungu kuti mchombo ugwe msanga. Mchombo umagwa wokha, kawirikawiri pasanathe milungu iwiri. Uzikhala wouma ndi waukhondo, thewera lisauphimbe, ndipo pasapakidwe china kupatula mankhwala amene achipatala apereka.

Mukamayendera amayi apakati a mumphakati mwanu, pemphani kuona buku lawo la kusikelo. Amene sanabayitsepo katemera wa kafumbata amafunika kubayitsa kawiri ali ndi pakati, motalikirana milungu 4. Akakwanitsa maulendo 5 amatetezeka zaka zonse zobereka, ndipo chitetezocho chimafika kwa mwana ali m'mimba. Khanda limene linkayamwa bwino likasiya mwadzidzidzi, kapena pamchombo pakafiira n'kumanunkha, musadikire kuti kuche. Nyamulani mwana.

Sitinakhalitse pa Hirta. Chakumadzulo woyendetsa ngalawa anati mphepo ikutembenuka, ndipo tikachedwa tikhala pomwepo masiku angapo. Tinakoka nangula, ine ndi mwana wanga titagwira chingwe chimodzi, manja ali matuza okhaokha.