Mfumu David wa ku Scotland ndi malo olembedwa pa cikalata

Scotland ndi dziko lozizira, lamapiri, kumpoto kwa England. Kumeneko, m'caka ca 1124, ufumu unagwera David. Iyeyu anakulira ku England, pakhomo pa mlamu wake, Mfumu Henry woyamba. Pobwerera kwawo anatenga anzake ankhondo olankhula Cifalansa, ndi kalamulidwe kamene anakaona kumeneko.

Tiyeni tione nkhani ya malo, cifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kale mabanja akuluakulu ankakhala ndi malo cifukwa makolo awo anali pomwepo, ndipo anthu ankadziwa malire pamtima. Zikalata zinalipo koma zowerengeka. David anazicurukitsa. Mlembi ankalemba m'Cilatini pa cikopa, mboni n'kuchulidwa maina, cidindo ca mfumu n'kumangirira pansi. Ndi mmene dera la Annandale linapitira kwa mnzake, Robert de Brus. Musaganize kuti unali ulere ai. Wolandira malo ankayenera kubwera ndi asilikali a pa akavalo mfumu ikaitana. Cikalata cimeneco cilipo mpaka lero, patatha zaka pafupifupi 900, ndipo mmodzi wa zidzukulu za banjalo, Robert Bruce, anadzakhala mfumu mu 1306.

Zina anacitanso. Anakhazikitsa matauni a malonda monga Berwick, Roxburgh ndi Perth, kumene mfumu inkatolera msonkho. Ndiye mfumu yoyamba ya Scotland kusula ndalama zakezake, zasiliva. Anaitananso amonke, amuna odzipatula kuti azipemphera ndi kugwira nchito. Amene anakhala ku Melrose kuyambira 1136 anaweta nkhosa zambiri, ubweya n'kumagulitsidwa kutsidya kwa nyanja.

Nanga onse anakondwa? Kutalitali. Kumpoto, ku Moray, kunali mtsogoleri wina, Angus, wa banja limene nalonso linalamulirapo Scotland. Iye anagalukira David mu 1130, koma anaphedwa pankhondo, ndipo Moray inakhala m'manja mwa mfumu. Ine ndimaona kuti apa mpamene muyenera kucherapo khutu: cikalata cinkateteza amene dzina lake lalembedwamo, ndipo nthawi zambiri linali dzina la mlendo. Malo ena a ku Moray, monga Duffus, anapatsidwa kwa Freskin, amene amati anali wa ku Flanders. David anamwalira ku Carlisle mu 1153. Zidzukulu za Freskin zinatsala, zinatenga dzina la dera lija kukhala lawo, ndipo ndi dzina lomwe lero mumalimva kuti Murray.